Chitseko cha ku Ntchisi

Dzoole, Dowa
3 Juni 2023

Wokondedwa mwana wanga Faines, Nambewe,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino ku Cape Town kumeneko. Kuno tilipo, kungoti Juni wa chaka chino wabwera ndi mano. Makutu anga ndi omwe aja. Pa foni ndimangomva ngati mvula pa malata, ndiye usamataye mayunitsi ako. Ndabwerera ku cholembera. Makalata athu azidzera kwa Gregorio wa ku Mponela, wonyamula katundu wa ku Joni uja.

Mtedza umene amayi ako anadzala mu Disembala takumba. Iwo anauona ukungomera kumene, koma wabereka ngati ukudziwa kuti ndi womaliza. Ndakupatulirako thumba limodzi. Kalatayi ndaikulunga m'jumbo, ndaiika pakati pa mtedzawo ndipo ndasoka ndekha, chifukwa m'thumba la malaya a Gregorio zinthu zimalowa koma sizituluka.

Zakuti sunabwere ku maliro ine ndinazimvetsa. Pemiti yako inali isanatuluke, ukanachoka sukanabwereranso. Mng'ono wako Roza ndiye sanamvetse, akuti foni yako sayankha mpaka mtima wake utatsika. Musiye. Mtima umenewo anatengera amayi ake, umachedwa kuzizira koma umazizira.

Tsopano nkhani yaikulu. Misa ya chikumbutso cha amayi ako idzakhala mu Seputembala. Mwambo ukuudziwa. Ine pano ndinabwera chikamwini, ndiye ikadzatha Misa akuchikazi adzandisudzula. Atsibweni ako a Alexio anabwera sabata yatha, tinakhala pa khonde. Anati, "Alamu, ife sitikuthamangitsani, komanso sitingakumangeni. Malo ano ndi a ana, ndipo wamkulu ndi Faines. Akanena kuti bambo athu akhale, mukhala. Akapanda kutero, njira ya ku Ntchisi mukuidziwa." Sanalankhule mwachipongwe ayi. Anali akuyang'ana pansi.

Ine sindikupempha. Bambo sapempha malo ogona kwa mwana wake. Ndikungofunsa, paja safunsa anadya phula. Ku Ntchisi ndinachoka tsitsi lili bii, lero m'mutu muli ngati mwagwera ufa. Undiyankhe pa ulendo wotsatira wa Gregorio.

Ndine bambo ako,
Dominiko Mbewe

Cape Town
9 Julayi 2023

Okondedwa Ababa,

Muli bwanji ndi kuzizirako? Bulangete ndatumizali ndi lanu, musalipereke kwa zidzukulu monga munachitira ndi lija. Thumba la mtedza ndalandira, zikomo kwambiri. Lili pakona m'chipinda mwanga ndipo chipinda chonse chikununkhira kwathu.

Za amayi sindinafike poti ndingalembe. Ndikayamba, ndimalisiyira panjira pepalalo. Ndiloleni ndikuuzeni za ntchito imene yandigwira mtima masiku ano, chifukwa nayonso ndi ya amayi.

Mukukumbukira pulogalamu ya pa foni imene ndinawalembera, ya kalabu yawo ya mtedza ija? Kuntchito ndimalemba mapulogalamu a eni ake, aukhondo. Koma iyi ndinkailemba chothamanga. Loweruka amayi amayimba, "Faines, uwonjezere poti tizilemba amene wabwereka mbewu." Ine ndimawonjezera pansi. Inu munabweranso ndi zanu, "Nanga mabelo anga a fodya alakwa chiyani?" Ndinawonjezeranso pansi. Zonsezo zili mu fayilo imodzi, yaitali ngati msewu wa ku Kasungu. M'mbali ndinkalemba tozikumbutsa, "Amayi akuti ichi chikhale chonchi." Ndikamawerenga pano ndimamva mawu awo enieni.

Amayi a kalabu akufuna kupitiriza kuigwiritsa ntchito, ndipo pali mtsikana wina amene anaphunzira za makompyuta ku Dzaleka woti azindithandiza. Nditamutumizira anati, "Asisi, muno munthu atha kusochera osapezeka." Sananame. Ili ngati nyumba ya chipinda chimodzi momwe mukugona mbuzi, mbewu, njinga ndi alendo.

Ndiye ndikuigawa. Malangizo amene timalembera kompyuta timawadula m'zigawo zotchedwa mamodyulo, chigawo chilichonse ndi ntchito yake. Zigawo zoyendera limodzi timaziika m'foda imodzi, ndipo m'kati mwa foda mumakhalanso timafoda ting'onoting'ono. Munthu akafuna kanthu amadziwa kolowera.

Ndaganiza zoyamba ndi mafoda awiri akuluakulu, ina ya za amayi, ina ya za ababa. Chilichonse chipite kumene chinachokera. Timafoda tam'katimo ndikufuna nditipatse mayina a zinthu za pakhomo pathu, koma mutu wanga wayamba kuiwala. Chonde mundilembere mmene pakhomo pakhalira, chili pati n'chiyani, ndipo chili m'kati mwa chiyani. Mundiuzenso kuti za amayi zinali ziti, zanu ndi ziti, ndipo ndi ziti zimene munabwera nazo kuchokera ku Ntchisi. Ndikufuna ndisiyanitse bwinobwino, zisamasakanikirane.

Amayi a kalabu andiuza kuti Misa ndi mu Seputembala. Ndikufuna pofika tsiku limenelo zonse zikhale zitalongosoka.

Mumupatse moni Roza, ngakhale aukane.

Mwana wanu,
Faines

Dzoole
6 Ogasiti 2023

Faines,

Tilipo. Bulangete lafika. Yankho lako ndalimva. Ndaliwerenga kawiri, ndipo wayankha mwaulemu monga mwana woleredwa bwino. Za makompyuta sindizidziwa, koma zimene wafunsa ndikuuza.

Ukalowa pa mpanda wa nkhadze, kumanja kuli nkhokwe ziwiri. Yaikulu ndi ya chimanga, yaing'ono ndi ya mtedza. M'kati mwa yaing'onoyo, pamwamba, muli dengu. M'dengumo muli mphika womata pakamwa. Mu mphikamo ndi mmene amayi ako ankasunga mbewu ya mtedza wa chalimbana imene analandira kwa amayi awo. Ndi mphika uja unautsegula uli Sitandade 2, n'kukazinga mbewu ya chaka chonse ndi anzako kuseri kwa khola. Kumbuyo kwa nyumba kuli chigafa cha fodya. Pakona pa chigafa pali benchi langa la ukalipentala, pansi pa benchi pali bokosi, m'bokosimo muli zitsulo zanga. Kenaka khola, kenaka kanjira kopita ku dimba, kamene amayi ako anakapanga ndi mapazi awo okha. Udzu wayamba kukatseka.

Funso lako lachiwiri landigonetsa ndi mutu. Nkhokwe ndinaluka ndine, koma anamata ndi amayi ako. Chigafa ndinaimika ndine, mitengo anasenza ndi iwo. Mango a pabwalo tinadzala tonse tsiku la ubatizo wako, ine ndinakumba dzenje, iwo ankathirira. Sindikudziwa kuti mtengo umagawidwa bwanji. Zonsezo zikhale za amayi ako, ndiye kuti zanu.

Zochokera ku Ntchisi n'zochepa: sowo, chopalira matabwa, ndi chitseko cha nyumba yaikulu. Chitsekocho ndi cha mlombwa. Ndinachipanga ndili mnyamata, ndisanakhale ndi nyumba yoti ndichiikepo. Ndinabwera nacho pa ngolo, ndipo mudzi wonse unaseka. Ankati, "Taonani mkamwini, wabwera ndi chitseko nyumba alibe!" Atsibweni ako ndiye anaseka mpaka kukhala pansi. Amayi ako anati, "Musiyeni. Munthu wobwera ndi chitseko ndiye kuti sakuganiza zochoka." Nyumba tinaimanga pambuyo, kutengera chitsekocho.

Zina palibe. Njinga ndinagula ndili konkuno, ndi ndalama za fodya wa m'munda wa amayi ako.

Usade nkhawa, pofika Seputembala zonse zikhala zitalongosoka monga wanenera.

Bambo ako,
D. Mbewe

Cape Town
27 Ogasiti 2023

Ababa anga okondedwa,

Moni nonse kumeneko. Ndatumiza kangachepe kothandizira pa Misa. Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yayamba kuthetheka mopinda. Za mbewu yokazinga zija simudzaiwala basi? Koma mwandiseketsa, mwati "yankho lako" pamene ine ndinafunsa funso. Ukalamba wayamba, Ababa!

Tamverani zimene zandichitikira. Ndinagawa monga ndinanenera, za amayi uku, za ababa uko. Pulogalamu inakana kudzuka. Gawo la mbewu, lomwe linali m'foda ya amayi, limafuna gawo loyezera makilo limene ndinalembera inu pa za fodya. Gawo la fodya nalo limafuna mayina a anthu, omwe anali kwa amayi. Ili likudikira ilo, ilo likudikira ili, palibe loyamba. Ndinakumbukira Lamulungu m'mawa, inu muli panja ndi njinga mukuti amayi akuchedwa, amayi ali m'nyumba atavala kalekale akuti akudikira muwaitane. Tinkafika ku tchalitchi nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu itatha.

Ndinakaonetsa mayi wina wachikulire wa kuntchito, amene wakhala akulemba mapulogalamu ine ndisanabadwe. Anangopukusa mutu. Anati, "Chinthu sitichiika kumene chinachokera, timachiika kumene chimagwira ntchito. Palibe munthu adzatsegule pulogalamu yako n'kufunsa kuti gawo ili linabadwira kuti." Mafoda awiri aja ndafufuta.

Ndayambiranso, motsata kalata yanu. Foda ya pamwamba ndaitcha pakhomo. M'kati mwake muli nkhokwe, chigafa ndi dimba. M'nkhokwe muli chimanga ndi mtedza. Mu mtedza muli kafoda kotchedwa mphika, momwe muli zonse za mbewu. M'chigafa muli benchi, ndipo sikelo, gawo loyezera makilo lija, ili pa benchipo, aliyense akaifuna amabwereka. Pano ikuyenda bwinobwino, ndipo mtsikana wa ku Dzaleka uja akuti akutha kuyendamo ngakhale atatsinzina.

Panatsala fayilo imodzi yaing'ono, imene pulogalamu imayambirapo munthu akaitsegula. Imeneyi siingalowe m'foda ya wina aliyense, imakhala pamwamba penipeni. Mukaichotsa, mafoda onse amakhalapo ndithu koma polowera palibe. Ndaitcha chitseko. Nkhani ya ngolo ija sindinkaidziwa, ndinalira ndili pa basi. Chimene ndimakumbukira ine n'chakuti mvula ikayamba chimafufuma, ndiye umayenera kuchinyamula pang'ono n'kukankha ndi bondo. Alendo ankalimbana nacho mpaka thukuta, ife tikuseka pa windo.

Pa Misa mudzauze amayi a kalabu kuti ntchito ya amayi anga a Nankhoma yalongosoka.

Mwana wanu,
Faines

Dzoole
24 Seputembala 2023

Asisi,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anatiphunzitsa kupereka moni. Ndalemba pa pepala ndipo ndijambula n'kukutumizirani pa foni, chifukwa ndikati ndiyimbe nditukwana. Gregorio sanafike, akuti lole yake inafera ku Tete mwezi wathawu, ndiye ngati munatumiza kanthu sitinakaone.

Misa inayenda bwino. Anthu anadzaza, amayi a kalabu anavala zitenje zofanana. Madzulo ake akuluakulu anakhala pansi pa mango anu aja. Anawasudzula ababa monga mwa mwambo, anawathokoza kuti anasunga mlongo wawo mpaka kumuika. Kenaka atsibweni anafunsa, "Alamu, mwana uja wayankha?"

Ababa anaimirira, anavula chipewa. Anati, "Wayankha. Wati chilichonse chipite kumene chinachokera."

Ine ndinati, "Ababa, khalani, ineyo ndikuti khalani!" Anati, "Roza, mkulu wako walankhula." Ndikuganiza kuti atsibweni nawonso sankayembekezera.

Lolemba m'mawa ndinamva kugogoda. Kutuluka, ndinapeza ababa akumasula chitseko. Ndinati, "Nanga ine ndi ana tigona pamtetete?" Anati alipira kale kalipentala wa ku Mponela kuti adzaike china. Anatenga sowo, chopalira, chikwama cha zovala ndi bulangete lanu lija. Njinga anaisiya, akuti si yawo. Anakwera matola chitseko chili pamwamba, osacheuka.

Kalipentala anabwera ndi chitseko cha paini, chakana kulowa. Akuti felemu ndi yopendekera, sichingalowe pokhapokha atagumula khoma. Ndamubweza. Pakhomo pa nyumba ya amayi papachikidwa chiguduli, asisi. Mbuzi zikulowa mpaka kuchipinda.

Ku maliro simunabwere, tinati ndi pemiti. Nanga izi ndi pemitinso? Munthu anakufunsani funso limodzi, ndikhale kapena ndipite, inu n'kumuwerengetsa katundu wake ngati wakuba. Mukanangonena kuti malowa mukuwafuna, bwenzi titadziwa. Mafoda anuwo mudzagone momwemo.

Roza

Cape Town
25 Seputembala 2023

Roza mng'ono wanga,

Funso liti? Ndinawerenga kalata yako ndili kuntchito, osamvetsa kanthu. Ndinapempha kuweruka. Ndili m'njira ndi pamene ndinakumbukira kuti ababa amakonda kubisa kalata m'katundu.

Roza, thumba la mtedza lija sindinalitsegule. Chifikireni mu Juni. Ndi mtedza womaliza umene amayi anaugwira ndi manja awo, ndipo ndinkaona kuti ndikaumasula uyamba kutha. Ndinkangolinunkhiza ndikabwera kuntchito. Lero ndadula ulusi. Kalata ili pakati, m'jumbo, yaukhondo ngati yalembedwa dzulo. Ndakhala pansi pakati pa mtedza ndipo sindikutha kudzuka.

Miyezi yonseyi ababa akudikira mawu amodzi, ine ndikuwauza za mafoda.

Ndithandize, ngakhale undide. Pita kwa atsibweni mawa lomwe, uwawerengere mawu awa: "Atsibweni, ine Faines, mwana wamkulu wa Elizabeti Nankhoma, ndikuti bambo athu akhale. Funso lawo ndaliona lero. Ndikanaliona mu Juni ndikanayankha chimodzimodzi. Nyumbayo ndi yawo mpaka tsiku limene tidzawagoneke pafupi ndi amayi."

Gregorio akafika ali ndi kalata yanga ya mu Ogasiti. Uitenge pamodzi ndi ino, upite nazo ku Ntchisi wekha. Usatume munthu.

Kalipentala uja asakhudze khoma.

Mkulu wako,
Faines

Ntchisi
29 Okutobala 2023

Nambewe,

Ndili bwino, kaya iwe. Roza anafika Lachitatu ndi makalata ako awiri, ina ya pa pepala, ina ya pa foni. Anandiwerengera mokuwa pafupi ndi khutu, moti mudzi wonse tsopano ukudziwa za mafoda. Atafika pa thumba losatsegula lija anasiya kaye kuwerenga. Cholakwa si chako wekha. Ndine ndinasoka thumbalo, ndipo ndinasoka molimba.

Kuno mapiri ndi omwe aja. M'mawa nkhungu imagona pa nkhalango monga kale, ndipo mphepo yake imanunkhira ubwana wanga. Koma anthu ndi ena. Alongo anga onse anapita. Ndikusungidwa ndi mdzukulu wa mlongo wanga wamkulu, mwana wabwino, amandipatsa madzi osamba otentha. Pa munda umene ndinkalima ndi bambo anga pali sukulu. Mtengo wa mlombwa umene ndinadulapo chitseko, ngakhale chitsa chake palibe. Ku Dowa zaka zonsezi ankanditchula kuti a ku Ntchisi. Kuno ana akumandiitana kuti agogo a ku Dowa. Amati kwanu n'kwanu, koma sananene kuti kwanuko kumakudikira.

Chitseko chakana nyumba zonse za pano. Poyamba ndinkati mafelemu awo ndi okhota. Nditayeza ndi chingwe ndapeza kuti chokhota ndi chitseko changa. Nyumba ya ku Dzoole inkapendekera pang'onopang'ono, ine dzinja lililonse ndinkapala pang'ono kuti chizitseka. Ndapala zaka zonsezi mpaka chinatengera kupendekera kwa nyumbayo. Pano chagonekedwa pa njerwa kuseri, akuyanikapo ufa.

Mayi wa kuntchito kwakoyo umupatse moni. Akanakhala wa kuno bwenzi akuweruza milandu.

Koma zobwerera, mwana wanga, sizophweka monga ukuganizira. Anandisudzula pagulu, ndinatsanzika pagulu, ndinakwera matola anthu akuona. Munthu wamkulu sabwerera ngati nkhuku yoiwala dzira. Adzati njala yamuthamangitsa kwawo. Roza akuti ndi kunyada. Mwina ndi zoona, koma ndi chimene ndatsala nacho, pamodzi ndi sowo. Mawu ako ndawamva ndipo andichiritsa pamene pankapweteka. Zinazo tizisiye kaye.

Mtedzawo udye. Ukausunga kwambiri ufumbwa, ndipo amayi ako sankakonda zotaya chakudya.

Bambo ako,
Dominiko

Dzoole
3 Disembala 2023

Wokondedwa Faines,

Taona pamwamba pamene ndalemba malo. Tili bwino tonse, Roza akuti foni yako tsopano aziyankha, koma usazolowere.

Sabata ziwiri zapitazo ndili kuseri ku Ntchisi kuja ndikunola sowo, ndinaona munthu akukwera chitunda akupumira m'mwamba, jekete lili pamapewa. Atsibweni ako. Munthu wa miyendo yotupa uja, wakwera mapiri a kwathu ndi ndodo. Anakhala pansi, anamwa madzi, anayang'ana ufa uli pa chitseko. Anati, "Alamu, chitseko chimene ndinachiseka chija ndi ichi?" Ndinati ndi chomwecho.

Anati, "Ife tinasudzula mwamuna wa mlongo wathu. Bambo wa ana sitinamusudzule, ndipo mwambo wotero kulibe. Mwana wamkulu wanena, wamng'ono wanena, tsopano ndabwera ndekha kuti anthu aone kuti mwachita kutengedwa. Komanso mbuzi zadya buku langa la nyimbo limene ndinasiya m'nyumba mwanu. Tiyeni."

Ndinayesa kuvuta pang'ono kuti ulemu ukhalepo. Ndinavuta mpaka madzi a tiyi atawira basi.

Tinafika Lachisanu masana. Sindinalowe m'nyumba, ndinayamba ndi ntchito yoika chitseko. Roza anagwira m'munsi, atsibweni ako akulamula zinthu zimene sakuzidziwa. Masikuluwu analowa m'mabowo awo akale ngati anangopita kotunga madzi. Sindinapale ngakhale pang'ono. Nditakankha chinalira kulira kwake kuja, ndipo Roza anathawira ku chigafa kuti tisamuone nkhope.

Amayi a kalabu anabwera kudzandionetsa pulogalamu yako pa foni. Agawira mbewu ndi imeneyo chaka chino. Ine ndinangoona timabokosi, koma akuti m'kati mwake muli pakhomo pathu ponse, mpaka mphika. Ndinafunsa ngati tozikumbutsa tija ta "Amayi akuti" unatisiya. Mtsikana wako wa ku Dzaleka akuti tonse tilipo, kalikonse m'foda yake. Wachita bwino.

Sindikunamiza, nyumbayi ndi yaikulu tsopano. Lachitatu madzulo ndinasiya chitseko chotsegula, ndikuti amayi ako abwera kuchokera ku mapemphero a mphakati. Ndinakumbukira mochedwa. Ndinadzuka n'kukatseka ndekha.

Mvula yagwa Lamulungu, yamphamvu. Tadzala chalimbana wa mu mphika uja, ndipo kanjira ka ku dimba ndakalambula. Chitseko chafufuma kale. Chaka chino sindichipala, chikhale choncho mpaka ubwere. Pemiti ikadzatuluka usadzatumize uthenga, ndipo ukadzafika usadzagogode, sindingamve. Udzanyamule pang'ono, ukankhe ndi bondo.

Ndine bambo ako,
Dominiko Mbewe
wa ku Dzoole